Dikishonale Imene Ndakuikira M'chikwama

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi lero Lamulungu masana, titaweruka kutchalitchi, iwe uli kwa anzako kolukitsa tsitsi. Ndakhala kuseri kwa nyumba, kumene mphepo yochokera ku mapiri a ku Mutorashanga siwomba kwambiri. Mawa m'mamawa ukwera kombi kupita ku koleji ku Harare kukaphunzira uphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo pali zinthu zimene ndakhala ndikufuna kukuuza kwa zaka zambiri koma pakamwa pamandilemera. Umandidziwa iwe, ndikayamba kulankhula za mumtima ndimathera kukufunsa ngati wadya. Ndiye ndati bola ndilembe.

M'chikwama chako, pansi pa bulangete, ndaikamo dikishonale yanga ija yomata ndi tepi yakuda. Ndikudziwa useka, poti unandiuza kale kuti masiku ano mawu onse a Chingerezi ali m'foni. Seka, koma usaitaye. Buku limenelo landithandiza pa zambiri, komanso ndalakwira nalo anthu, ndipo mmodzi mwa anthuwo ndiwe.

Ndinalipeza ndili mtsikana, iwe usanabadwe. Nthawi imeneyo pulazi lino linali la mzungu, ndipo mkazi wake ankafuna munthu wa m'komboni woti akaphunzire zaumoyo, azidzayang'anira kireshi yosungirako ana masana ndi kuyeza ana pasikelo. Anasankha ine chifukwa ndinafika Giredi 7 ndipo ndinkatha kuwerenga zolembedwa pamatumba a feteleza. Maphunzirowo anali a milungu yochepa, m'Chingerezi ndi m'Chishona, ndipo ine mwana wa anthu a ku Dedza wobadwira m'komboni ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva zonse. Nditabwerako, mayi wachizunguyo anandipatsa dikishonale imene ana ake anasiya. Ndinaikulunga m'nsalu n'kuiika pamodzi ndi Baibulo. Sikelo ndinkaimangirira kunthambi ya mtengo wa musasa. Mwana ndinkamulowetsa m'kakabudula ka nsalu n'kumupachika, singano ikaima ndinkaika kadontho pakhadi lake. Madontho akamakwera mwezi ndi mwezi, ndiye kuti mwana akukula. Liwu loyamba limene ndinafufuza m'bukumo linali "grow", ndipo linati ndi kuwonjezeka msinkhu kapena kulemera. Ndinakondwa kuti buku ndi sikelo yanga zikugwirizana. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuganiza kuti kukula konse kwa munthu kumaoneka pasingano, ndipo zotsala zimapezeka m'buku. Anthu anayamba kunditchula kuti mayi wa sikelo. Dzinalo linandikomera kuposa mmene linayenera kundikomera.

Woyamba kumulakwira anali amake Zuze. Iwe ukuwadziwa ngati mnzanga wapamtima amene timakhala limodzi kutchalitchi, koma sitinayambe choncho. Iwo anali atangofika kumene kuchokera ku Tete ndi amuna awo, ndipo ankagwira ntchito m'shedi yosankhira fodya. Zuze anali ndi zaka zitatu, koma ukamuona unkayesa ngwa chaka chimodzi ndi theka. Tsiku lina sisita wa kuchipatala, amene ankabwera kamodzi pamwezi, anamuyeza msinkhu n'kulemba pakhadi lake liwu limodzi, "stunted". Sanafotokoze, anali ndi mapulazi ena oti afikeko tsiku lomwelo. Atachoka ndinatsegula buku langa. Linati liwulo limanena za chinthu chimene chaletsedwa kukula mmene chikanakulira. Ine ndinagwira pa kuletsedwapo. Ndinati mumtima, ngati mwana waletsedwa, ndiye kuti alipo womuletsa.

Tsiku la sikelo lotsatira, azimayi atadzaza pansi pa musasa, ndinakweza khadi lija m'mwamba. Ndinati, "Amake Zuze, buku likuti mwana wanuyu waletsedwa kukula. Nanga wamuletsa ndani ngati si inu amake?" Ena anaseka. Amake Zuze anatsitsa mwana wawo pasikelo, kumubereka, n'kumapita, khadi atandisiyira m'manja. Ine ndinapitiriza kuyeza ana ena ndikudziona ngati ndagwira ntchito.

Panapita miyezi inayi osabweranso. Kenako nthawi ya mvula Zuze anatsegula m'mimba. Ine ndinkadziwa kusakaniza madzi a mchere ndi shuga, ndipo nyumba yanga inali mizere iwiri yokha kuchokera pa yawo, koma sanagogode. Akanagogoda bwanji kwa munthu amene anawavula pagulu? Anadikira masiku awiri, kenako anamubereka wapansi mpaka kuchipatala, mwana atalobodoka ngati nsanza. Anapulumuka mwa chisomo cha Mulungu basi. Atatuluka ndinapita kukamuona, ndipo kumeneko kunali kulowa kwanga koyamba m'nyumba mwawo. Ndinapeza bambo ake a Zuze ali gone pamphasa, chifuwa chitawagwira kalekale. Amake ankagwira ntchito ya anthu awiri kuti banja lisachotsedwe m'nyumba ya pulazi, kuchoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo mwana ankatsala ndi maputi, chimanga chokazinga chija, ndi tiyi wopanda mkaka. Ndinagwada pansi kupepesa. Amake Zuze anangoti, "Mukanandifunsa ndikanakuuzani." Zuze ndi uyo lero akuyendetsa thirakitala, wamfupi ndithu, koma ndi bambo wa ana awiri onenepa.

Ndiye iwe mwana wanga, kumene ukupitako akakupatsa mawu ambiri a mtundu umenewu, ena aatali moti lilime limapindika. Uwaphunzire onse, ukhoze mayeso. Koma uzikumbukira kuti mawu amenewo amangotchula chimene chaoneka pa mwana, sanena chimene chikuchitika kwawo. Usanalembe kanthu pa mwana wa munthu, pita ukaone kumene amagona. Ndipo kholo usamalidzudzule pagulu, ngakhale utaona kuti lalakwa. Kholo lochititsidwa manyazi silibweranso, ndipo amene amavutika ndi mwana.

Ndinalakwanso pamene mzungu anachoka n'kubwera mwini watsopano. Iwe unali wakhanda. M'komboni munali mantha, chifukwa ambiri a ife tinalibe mudzi wina wothawirako. Makolo athu anachoka ku Malawi ndi ku Mozambiki kalekale, manda athu ali kuno, kwathu n'kuno. Mwini watsopanoyo anatisonkhanitsa pabwalo la mpira, akulankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo liwu limene ankalibwerezabwereza linali "develop". Msonkhano utatha anthu anabwera kwa ine, poti ndine wa buku. Ndinatsegula n'kuwerenga mzere woyamba: kukula, kapena kukulitsa chinthu kuti chikhale chabwino kuposa kale. Ndinatseka pomwepo. Ndinayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti mitima ikhale m'malo, bamboyu wabwera ndi chitukuko. Panali banja lina la kumzere wa kumunsi limene abale awo anali atawapezera kamalo ku Guruve. Katundu anali atamanga kale. Atamva mawu anga anamasula, n'kutumiza uthenga kuti malowo apatsidwe ena.

Mvula isanagwe, kireshi ndi mzere wonse wa kumunsi uja zinagwetsedwa kuti pamangidwe mabalani atsopano oumitsira fodya. Banja lija linagona masabata angapo m'shedi, kenako linachoka, sindikudziwa kuti linalowera kuti. Mayi wa m'banjamo anadutsa pakhomo panga atasenza mtolo osandipatsa moni. Bambo ako, amene sankadziwa kuwerenga ngakhale dzina lawo, anandiuza kuti nditsegulenso bukulo ndiwawerengere liwu lija mpaka pansi. Pansipo panali tanthauzo lina, lonena za kumanga zinthu pamalo kuti malowo azibweretsa phindu. Mwini pulazi sananame. Ine ndi amene ndinaima pamzere woyamba chifukwa ndi umene mtima wanga unkafuna kumva. Uziwerenga mpaka pansi, Tiyamike. Pepala lililonse limene adzakuuze kuti usainire, werenga mpaka pansi. Munthu akamakuuza za chitukuko, umufunse kuti n'cha yani. Mnyamata akamakuuza za tsogolo, umufunse kuti iwe uli pati m'tsogolomo. Ndipo anthu akakudalira chifukwa wapita kusukulu, usachite manyazi kunena kuti sukudziwa. Safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinadyetsa ena.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira. Ukukumbukira kuti uli Giredi 2 unasiya sukulu chaka chathunthu ndi temu imodzi. Ndinakuuza kuti sukulu ili kutali, miyendo yako sinakhwime, udikire ukuleko. Wakhala ukukhulupirira zimenezo mpaka lero, ndipo chaka chatha ndinakumva ukuwafotokozera anzako ukuseka. Linali bodza, mwana wanga.

Zoona zake ndi izi. Temu yachiwiri itatha unabwera ndi lipoti. Aphunzitsi ako, bambo wina amene sanakhalitse pasukulupo, analemba kuti suyankha ukafunsidwa, umangoyang'ana pawindo. Pamapeto anaika mawu awiri, "slow" ndi "backward". Loyambalo ndinkalidziwa. Lachiwirilo ndinalifufuza, ndipo ulendo uno ndinawerenga mpaka pansi monga ndinali nditaphunzirira. M'munsimo linati ndi munthu wotsalira pa kukula kwa nzeru, wosatha kuphunzira ngati anzake. Ndinakhala pakhonde buku lili pamiyendo, ndikukuyang'ana ukusewera ndi zitini pabwalo, ndipo ndinayamba kuona zimene bukulo lanena. Ndikakuitana sunkatembenuka msanga. Ndikakutuma mchere unkabwera ndi machesi. Kutchalitchi sunkaimba nawo mpaka nyimbo itafika pakati. Zonsezi ndinaziika m'liwu limodzi lija ndipo zinakwanamo.

Bambo ako anakana. Anati mwana amene amadziwa nkhuku iliyonse ya m'komboni ndi mwini wake sangakhale wopanda nzeru. Ndinawayankha mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero iwo ali m'manda. Ndinati nkhani za mabuku azisiyire odziwa kuwerenga. Anatenga chipewa chawo n'kupita kumabalani. Temu yotsatira sindinakutumize kusukulu. Ndinkadziuza kuti ndikukuteteza kuti anzako asakuseke, koma pansi pa mtima ndinkaopa manyazi anga, kuti anthu aziti mwana wa mayi wa sikelo ndiye wotsiriza m'kalasi. Chigwetsereni kireshi ndinkasunga ana a anthu pakhomo pano, ndiye unakhala wondithandiza, kuwapukuta mamina, kuwamwetsa mahewu ndi kuwagoneka. M'mawa uliwonse unkaima pampanda kuonerera anzako akupita atavala yunifolomu. Sunalire ngakhale tsiku limodzi. Kusalirako ndinakutenganso ngati umboni woti buku lanena zoona.

Amene anaona anali amake Zuze. Tsiku lina masana tinakhala pabwalo tikusenda mtedza, iwe uli chapatali ukutonthoza kamwana. Anakuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anadzuka mwakachetechete, anazungulira kumbuyo kwako, n'kukutchula dzina chakumanzere. Sunatembenuke. Anasunthira kumanja n'kutchulanso motsitsa kuposa poyamba, iwe n'kutembenuka nthawi yomweyo ukumwetulira. Anabwerera kudzakhala pansi, anatenganso lichero lawo, ndipo osandiyang'ana anati, "Mwanayu samva khutu limodzi. Buku lanu silinakuuzeni?"

Pomwepo ndinakumbukira kuti uli ndi zaka ziwiri khutu lakumanzere linkatuluka mafinya nyengo yonse yozizira, ine n'kumangolipukuta ndi kansalu poti ndinali wotanganidwa ndi ana a eni. M'mawa mwake bambo ako anakukweza panjinga kupita nawe kuchipatala, ine ndikutsatira wapansi. Kumeneko anatsimikiza kuti khutulo silidzamvanso bwino koma linalo lilibe vuto, ungofunika kukhala kutsogolo, aphunzitsi ali kudzanja lako lamanja. Nditapita kusukulu kukaona pamene ankakukhazika, ndinapeza ndi kumbuyo kwenikweni pakona, khutu labwinolo litaloza pawindo. Unkayang'ana pawindo chifukwa ndi kumene mawu ankachokera. Kuwonjezera apo, aphunzitsi ankalankhula Chishona chothamanga ndi Chingerezi, pamene iwe m'nyumba muno unakulira Chichewa. Ndinaima m'kalasi mopanda anthumo. Ine amene ndinagwada kwa amake Zuze chifukwa choweruza mwana ndi liwu la papepala, ndinachitanso zomwezo pa mwana wobereka ndekha, amene ndinkagona naye mphasa imodzi.

Za khutu ukuzidziwa, wakula nazo. Chimene sunkadziwa n'chakuti amene anakuchotsa sukulu ndi ine, ndipo ndinakuchotsa nditakhulupirira kuti mutu wako sugwira. Unabwerera uli wamkulu kuposa anzako onse, ankakutcha gogo wa m'kalasi. Tsiku lina unabwera maso atafiira n'kundifunsa chifukwa chake anzako oyamba nawo ali makalasi awiri patsogolo. Umenewo unali mpata woti ndikuuze. Ndinabwereza za miyendo zija. Bambo ako sanandidzudzulepo pa nkhaniyi, ngakhale tsiku limene unabwera ndi lipoti loti wakhala woyamba m'kalasi. Anangolitenga, kuligwira chozondotsa, n'kundiuza kuti ndiwawerengere. Koma atadwala matenda awo otsiriza anandiuza kuti ndidzakuuze ndekha, mwana asamaimbe mlandu miyendo yake. Ndinalonjeza. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti mawa.

Chaka chimenecho sindingakubwezere. Ndikupepesa, Tiyamike. Sindikupepesa kuti undiuze kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Ndakuona ukubisa zaka zako pamaso pa anzako, ndakuona ukudzikayikira ngakhale pamene wakhoza, ndipo ndimadziwa kumene zinayambira.

Bukulo sindinalitaye. Ndinapitiriza kuliwerenga, koma mosamala, ngati mmene umamvera mlendo wodziwa zambiri amene sadziwa mudzi wanu. Nthawi ina ndinapeza liwu loti "mature", ndipo linati ndi kukula mokwanira, kufika pamapeto pa kukula. Ndinawafunsa bambo ako ngati munthu amafikadi pamenepo. Iwo anayankha za fodya, poti ndi zimene ankadziwa. Anati masamba a mtengo umodzi sakhwima tsiku limodzi. Apansi amayamba, apamwamba amachedwa milungu ingapo, ndipo wothyola amene amafuna kumaliza munda tsiku limodzi amawononga theka la fodya. Anati wothyola wabwino amabwerera pamtengo womwewo kambirimbiri, ulendo uliwonse n'kuyang'ana mwatsopano. Ine ndili ndi imvi tsopano ndipo sindinganene kuti ndafika pamene bukulo likunena. Kalata inoyi yanditengera zaka zoposa khumi kuti ndiilembe.

Ukadzapatsidwa kalasi yako, mudzakhala mwana wina wachete wokhala kumbuyo. Sadzalephera kukhalapo. Anzako aphunzitsi adzakuuza msanga dzina limene anamupatsa. Usalilandire. Dzuka pampando, pita kumbuyo kwake, umutchule mbali iyi ndi mbali inayo. Umuyandikize pabolodi uone ngati akuona. Umufunse ngati wadya m'mawa. Ngati ndi mwana wa m'komboni, umupatse moni m'Chichewa uone nkhope yake. Ana ambiri a kuno amakhala chete m'kalasi chifukwa chilankhulo chawo amachisiya pageti, osati chifukwa mutu mulibe kanthu. Ndipo ukalephera kupeza chimene chikumuvuta, usalembe liwu lomaliza. Lemba kuti sunachipeze, wina adzachipeza. Pepala limakhalitsa kuposa mphunzitsi. Bambo amene analemba za iwe uja anachoka chaka chomwecho, mwina sakukumbukiranso n'komwe, koma mawu ake awiri anatsala m'nyumba muno.

Ku koleji usabise kumene ukuchokera. Adzakutchula mayina amene amatitchula ife a m'mapulazi, ena mongoseka, ena ndi mtima woipa. Usalimbane nawo, komanso usasinthe dzina lako kuti limveke ngati lawo. Tsiku loyamba lomwe uwauze aphunzitsi ako za khutu, ukhale kutsogolo, ngakhale anzako aziti ukudzionetsera. Ukapanda kumva, funsa kawiri, funsa katatu. Ku Harare podutsa msewu uziyang'ana kumanzere kawiri, chifukwa makombi a kumeneko sadikira munthu ndipo mbali imeneyo sudzawamva akubwera. Pogona m'chipinda cha anthu ambiri usagonere khutu labwinolo, kuti ukamve belu kapena wina akamakudzutsa. Upeze tchalitchi mlungu woyamba womwewo, usanazolowere kukhala wopanda.

Mawa ndikuperekeza mpaka pamsewu, ndipo za m'kalata muno sindinenako chilichonse. Uipeza utafika, pomasula katundu. Ukaiwerenga n'kukwiya, kwiya ndithu, uli ndi chifukwa. Usandiyankhe msanga pofuna kundisangalatsa, wakhala ukundisangalatsa kuyambira uli wamng'ono ndipo zakwana. Ndidikira, kaya ndi mpaka holide, kaya kupitirira apo. Chokhacho chimene ndikupempha, kamodzi pa mlungu uzitumiza uthenga pafoni, ngakhale wongoti ulipo. Zinazo tidzakamba tsiku limene udzafune iwe.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga.

Ndine mayi ako,
Esinati